Mafunso ndi mayankho: kusaka, kupima ndi kugwiritsa ntchito nkhani za pa intaneti kuno ku Joni

Awa ndi mafunso amene Amalawi okhala ku Johannesburg amafunsa mobwerezabwereza, kuyambira ku Rosettenville, Yeoville ndi Mayfair mpaka ku Cosmo City ndi Diepsloot. Tawaika manambala kuti yankho lina likakutumizani kwina musavutike kupeza.

1. Foni ndimaidziwa kale. Kodi pali china choti ndiphunzire?

Kudina foni n'kwina, kudziwa chimene mukuwerenga n'kwinanso. Luso tikunenali lili patatu: kupeza nkhani imene mukuifuna, kuipima ngati ili yoona, ndi kuigwiritsa ntchito mosadzipweteka kapena kupweteka anzanu. Silifuna satifiketi. Munthu wopikula tomato ku msika wa City Deep sagula bokosi poona apamwamba okha, amapisa dzanja pansi. Nkhani ya pa intaneti imafunanso kuipisa dzanja.

Kwa ife okhala kunja bodza limadula kwambiri, chifukwa limakhudza zinthu zitatu zimene tinadzera: mapepala, ntchito ndi ndalama zotumiza kumudzi.

2. Ndilembe chiyani pa Google kuti ndipeze chimene ndikufuna?

Musalembe chiganizo chonse ngati mukulankhula ndi munthu. Sankhani mawu atatu kapena asanu amene asenza nkhaniyo, muwonjezere dziko ndi chaka. Wofuna kudziwa malipiro a wantchito wam'nyumba alembe domestic worker minimum wage South Africa, kenaka chaka chimene tili. Mukasiya dzina la dziko, Google ikhoza kukubweretserani malamulo a ku UK kapena ku America, inu n'kupita nawo kwa abwana.

Pali tinjira tinayi tothandiza. Mukaika mawu pakati pa zizindikiro izi " ", Google imasaka mawuwo monga mwawalembera, osawamwaza. Mukawonjezera site:gov.za, zotsatira zimachokera ku mawebusaiti a boma la South Africa okha. Mukawonjezera filetype:pdf, mumapeza mafomu ndi zikalata zenizeni. Mukaika kamzere kochotsera patsogolo pa liwu, monga -Zimbabwe, zokhudza liwulo zimachepa.

Zotsatira zoyamba zolembedwa Sponsored ndi zotsatsa malonda. Munthu analipira kuti zikhale pamwamba, ndipo akathyali nawonso amalipira. Zidumpheni. Musakhutirenso ndi timizere tiwiri tooneka pansi pa mutu: tsekulani tsambalo, muwerenge, kenaka mutsekule lina lachiwiri la eni ake ena. Masamba khumi amene onse akopera nkhani pamalo amodzi ndi mboni imodzi basi.

3. Ndisake m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Za kuno, monga malamulo, ntchito, sukulu ndi chipatala, sakani m'Chingerezi chifukwa ndimo zinalembedwa. Google Translate ili ndi Chichewa ndipo imathandiza kumva mutu wa nkhani, koma mawu a zamalamulo ndi a zachipatala imawakhotetsa. Kontirakiti kapena kalata ya ku khoti musasaine podalira iyo yokha.

Za kumudzi yang'anani ku Nation, Times, Zodiak, MBC ndi Malawi News Agency. Chenjerani ndi masamba a pa Facebook obera dzina ndi chizindikiro cha nyumba zimenezi. Mmene mungawazindikirire zili pa funso 4.

4. Ndingadziwe bwanji kuti webusaiti kapena tsamba ndi la eni akedi?

Werengani adiresi, osati maonekedwe. Chizindikiro cha boma, mitundu ya mbendera ndi chithunzi cha nduna aliyense akhoza kukopera m'mphindi zochepa. Mbali yofunika ya adiresi ndi imene ili kumapeto, kamzere kopendekera koyamba kasanabwere. Mawebusaiti a boma la kuno amathera ndi gov.za: a Home Affairs (unduna woona za ziphaso, maviza ndi mapemiti) ali pa dha.gov.za, a zantchito ali pa labour.gov.za. A boma la Malawi amathera ndi gov.mw. Adiresi imene ili ndi mawu oti gov kapena homeaffairs pakati koma n'kuthera ndi .com, .xyz kapena .online si ya boma.

Ambiri amakhulupirira kuti kaloko kooneka pambali pa adiresi, kapena zilembo https, ndi umboni woti webusaiti ndi yabwino. Ayi. Zimangotanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika pakati pa foni yanu ndi webusaitiyo. Webusaiti ya wakuba imakhalanso ndi kaloko.

Pa Facebook tsekulani gawo la About, muyang'ane Page transparency. Muona tsiku limene tsambalo linatsekulidwa ndiponso ngati linasinthapo dzina. Tsamba lodzitcha la kampani yaikulu koma lotsekulidwa mwezi watha, kapena limene kale linali logulitsa mawigi, lisiyeni. Ndipo linki ikabwera pa SMS kapena pa WhatsApp yonena kuti yachokera ku banki, musaidine. Tsekulani app ya banki nokha kapena lembani adiresi ndi manja anu.

5. Uthenga wafika pa gulu la WhatsApp. Ndiuyese bwanji ndisanautumize kwina?

Dzifunseni mafunso anayi. Wanena ndani poyamba? Wanena liti? Iye wadziwa bwanji? Nanga ena odalirika akunenanso zomwezo?

Funso loyambalo ndi limene limagwetsa mauthenga ambiri. "Mnzanga wa ku Home Affairs wandiuza" si gwero. Dzina la amene wakutumizirani silithandizanso: mlongo wanu ndi woona mtima, koma nayenso wangolandira. WhatsApp imaika mawu oti Forwarded pa uthenga wongopatsirana, ndipo ukadutsa m'manja kasanu kapena kuposa imaika mivi iwiri ndi mawu oti Forwarded many times. Mivi iwiriyo ikuuzeni kuti mwini uthengawo ali kutali kwambiri ndi inu.

Onaninso mmene uthengawo wakukhudzirani. Ngati wakuchititsani mantha, ukali kapena chimwemwe chodzidzimutsa, ndipo ukuti "tumizani msanga asanaufufute", dziwani kuti unalembedwa dala kuti musapeze mpata woganiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koperani chiganizo chimodzi cha uthengawo, muchiike pa Google pakati pa zizindikiro tatchula pa funso 2. Kawirikawiri mupeza kuti unayendapo kale zaka zapitazo, kapena kuti a Africa Check, bungwe lofufuza zoona limene linayamba mu 2012 ndipo lili konkuno ku Johannesburg, anaufufuza kale. A AFP Fact Check amagwiranso ntchito yomweyo.

Voice note ndiyo yovuta koposa, chifukwa siisakika pa Google ndipo mawu a munthu wolankhula Chichewa chakwathu amalowa mumtima msanga. Tengani mfundo yake, muilembe m'mawu ochepa, musake imeneyo.

6. Tikumva kuti kwatuluka pemiti yapadera ya Amalawi. Tingatsimikize kuti?

Mphekesera imeneyi imabwera nthawi ndi nthawi, ndipo pambuyo pake pamabwera munthu wotolera ndalama za "kulembetsa". Imakhulupirika msanga chifukwa South Africa inaperekadi zilolezo zapadera kwa anthu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Koma chinthu chotere sichibwera mwakachetechete. Nduna ya Home Affairs imalengeza, chikalata chimatuluka mu Government Gazette, chimaikidwa pa dha.gov.za, ndipo SABC, News24 ndi eNCA amaulutsa tsiku lomwelo. Ngati nkhani yaikulu chonchi ikupezeka pa WhatsApp ndi TikTok pokha, palibe chimene chachitika.

Mafomu ambiri a viza munthu ali kale m'dziko muno amaperekedwa kudzera ku VFS Global, koma wogamula ndi Home Affairs. Dobadoba wolonjeza kuti pemiti ituluka m'sabata imodzi akulonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwake, ndipo chomata chabodza mu pasipoti ndi mlandu wa mwini pasipotiyo. Za mapasipoti ndi zikalata zoyendera za Malawi funsani ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Consulate ya ku Johannesburg.

Chimodzimodzi nkhani ya masiku. Wolowa ndi pasipoti ya Malawi ngati mlendo amapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo tsiku lolembedwa pa chidindo ndi limene limawerengedwa. Malamulo a mu 2014 amati wopitiriza masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, wopitiriza kuposa apo kwa zaka zisanu. Wina akakuuzani kuti "zimenezo zinatha", mupempheni akuonetseni pamene zalembedwa. Pa vuto lenileni la mapepala pitani kwa odziwa malamulo monga Lawyers for Human Rights, osati kwa a pa gulu.

7. Nanga chithunzi kapena vidiyo? Si umboni wokwanira umenewo?

Zithunzi zambiri zonamiza anthu si zopeka. Ndi zenizeni, koma za malo ena kapena chaka china. Pa zipolowe zolimbana ndi alendo za mu September 2019, mavidiyo ambiri amene anazungulira anali akale, ena a kumayiko ena, ndipo makolo kumudzi anagona osadya poganiza kuti ndi za tsiku lomwelo. Zomwezi zimachitika nyengo ya mvula: zithunzi za namondwe wa Freddy wa mu March 2023 zikhoza kutulukanso ngati kuti madzi asefukira dzulo.

Kuti mufufuze, sungani chithunzicho mu foni, tsekulani app ya Google, dinani kakamera ka Google Lens, musankhe chithunzicho. Ikuonetsani masamba ena pamene chinaikidwapo. Yang'anani deti lakale kwambiri. TinEye imachitanso zomwezo. Ngati ndi vidiyo, iimitseni pamalo pooneka bwino, mujambule screenshot, musake imeneyo. Yesani malo awiri kapena atatu.

Maso anu nawonso ndi chida. Manambala a galimoto za kuno amathera ndi GP. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu. Zikwangwani zalembedwa m'chilankhulo chanji? Apolisi avala yunifolomu iti? Mu June ndi July udzu wa ku Gauteng umakhala wouma ndipo anthu amavala majekete. Mitengo ya jakaranda imachita maluwa mu October ndi November. Vidiyo ya "lero" mu July yoonetsa anthu ovala malaya opyapyala pa udzu wobiriwira ikufunika kuikayikira.

Zithunzi ndi mavidiyo opangidwa ndi AI (mapulogalamu a kompyuta otha kupeka zithunzi, mawu ndi mavidiyo) nazo zachuluka. Zala zopindika, zilembo zosawerengeka ndi milomo yosagwirizana ndi mawu zimathandiza kuzigwira, koma zizindikirozi zikucheperachepera. Chodalirika ndi kubwerera ku mafunso a pa nambala 5.

8. Ndapeza nkhani pa webusaiti yodalirika. Bwanji mukuti ndionenso deti?

Chifukwa nkhani yoona imakalamba. Malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma anali R25,42 pa ola mu 2023, anakwera kufika R27,58 mu 2024, kenaka R28,79 mu 2025, ndipo kusinthaku kumayamba pa 1 March. Kuyambira 2022 antchito am'nyumba amalandira mlingo womwewo ngati ena onse. Wowerenga tsamba la 2021 apita kwa abwana ndi nambala yomudyera yekha masuku pamutu.

Deti limakhala pansi pa mutu wa nkhani kapena kumapeto kwa tsamba. Pa Google pali Tools kapena Search tools, pamene mungasankhe zotsatira za chaka chino chokha. Mitengo ya basi ku Park Station, reti ya kwacha ndi ndondomeko ya kuzima kwa magetsi zimafuna nkhani ya tsiku lomwelo. Malire a nthawi nawonso awerengeni kwa eni ake: wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha kuti akadandaule ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo kudandaulako n'kwaulere.

9. Ntchito zolengezedwa pa Facebook, ndi ziti zenizeni?

Lamulo la Employment Services Act la 2014 limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito kuti amupezere ntchito. Choncho akangotchula ndalama ya "registration", ya yunifolomu kapena ya kuyezetsa magazi musanayambe n'komwe, nkhani yathera pomwepo. Zizindikiro zina ndi izi: malipiro okwera modabwitsa pa ntchito yosafuna luso, imelo ya Gmail pamene akuti ndi kampani yaikulu, kulembedwa ntchito popanda intaviyu, ndi kukakamizidwa kulipira lero lomwe.

Pitani pa webusaiti ya kampaniyo, muone ngati ntchitoyo ilipo pa gawo la Careers, ndipo imbani nambala ya pa webusaitiyo osati ya pa chilengezo. Adiresi ya intaviyu iikeni pa Google Maps muone ngati ndi ofesi kapena nyumba wamba. Uzani m'bale kumene mukupita. Kampani kukhala yolembetsedwa ku CIPC (ofesi ya boma yolembetsa makampani) n'kwabwino, koma kumangotsimikiza kuti dzinalo lilipo, osati kuti amene akukulemberaniyo ndi wa kumeneko.

Apa tikuchonderera makamaka makolo ndi azakhali amene amaitanitsa atsikana kuchokera kumudzi pa lonjezo la ntchito yoonedwa pa intaneti. Wolemba ntchito wonena kuti adzasunga pasipoti "kuti isatayike" ndi woopsa. Nambala yaulere yonenera za kuzembetsa anthu ndi 0800 222 777.

10. Za ndalama: reti, ngongole ndi mabizinesi olonjeza phindu. Ndiyang'ane kuti?

Potumiza ndalama musayerekeze reti yokha. Funsani kuti pa R1 000 wolandirayo agwira makwacha angati m'manja, ndalama yotumizira itachotsedwa. Makampani monga Mukuru, Hello Paisa ndi Mama Money amaonetsa nambala imeneyi musanalipire. Reti ya boma ili pa webusaiti ya Reserve Bank of Malawi, ndipo imatha kusintha usiku umodzi, monga mu November 2023 pamene kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti.

Kampani yolangiza kapena kugulitsa za ndalama iyenera kukhala ndi nambala ya chilolezo, yotchedwa FSP, yochokera ku FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zandalama. Isakeni pa webusaiti ya FSCA, ndipo muyerekeze dzina ndi nambala ya foni, chifukwa akathyali amabwereka nambala ya kampani ina. Wobwereketsa ndalama ayenera kulembetsedwa ku National Credit Regulator, ndipo lamulo silimulola kusunga khadi lanu la ku banki, PIN kapena chiphaso chanu ngati chikole. Wochita zimenezo ndi wakatapila basi.

Bizinesi yolonjeza kuti R500 ibereka R5 000 m'sabata, kapena imene phindu lake limachokera pa kulowetsa anthu ena, imagwa pamene olowa atsopano atha. Oyamba amalandiradi, ndipo screenshot zawo ndizo nyambo. Vidiyo ya wowerenga nkhani wa pa TV kapena munthu wolemera wotchuka akuyamikira bizinesi yotere kawirikawiri imakhala yopangidwa ndi AI. Onani funso 7. Kwa ogulitsa katundu: proof of payment ya pa WhatsApp si ndalama. Katundu atuluke ndalama zikaoneka mu akaunti yanu.

11. Koleji ya m'tauni ikutsatsa maphunziro pa intaneti. Ndi yovomerezeka?

Unduna wa Higher Education and Training umasindikiza mndandanda wa makoleji ndi masukulu apamwamba omwe si aboma olembetsedwa. Onani zinthu zitatu: dzina la koleji, adiresi ya nthambi imene mukufuna, ndi kosi yeniyeniyo. Koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi yanuyo ayi. Satifiketi ya kwathu monga MSCE imapimidwa ndi SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro.

12. Ndingadalire intaneti pa za matenda?

Pomvetsa zimene adokotala anena, inde. Podziyeza nokha ndi kudzilembera mankhwala, ayi. Dokotala weniweni amapezeka pa kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala, ndipo mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku bungwe la SAHPRA. Mankhwala amodzi ochiza shuga, BP, HIV ndi kusabereka nthawi imodzi kulibe. Musasiye ma ARV kapena mankhwala a TB chifukwa cha vidiyo, ngakhale wolankhulayo atavala gauni yoyera.

13. ChatGPT ndi Meta AI amayankha bwino kwambiri. Bwanji osangofunsa iwo?

Amathandiza kulemba CV, kufewetsa Chingerezi chovuta, kapena kukupatsani mawu oyenera kusakira. Koma amagwira ntchito polumikiza mawu amene amayenderana, ndipo akasowa yankho amatha kupeka, molimba mtima ngati akudziwa. Amapeka manambala a foni, ndime za malamulo ngakhale maina a mabuku. Nkhani zawo zimathanso kukhala zakale. Chilichonse chokhudza mapepala, ndalama kapena mankhwala chitsimikizeni kwa eni ake monga tafotokozera pa funso 4. Chidule cha AI chimene Google imaika pamwamba pa zotsatira chitengeni chimodzimodzi. Ndipo musaikemo nambala ya pasipoti kapena ya akaunti.

14. Kodi kungotumiza uthenga wa wina kungandiike m'mavuto?

Inde. Lamulo la Cybercrimes Act, limene mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 December 2021, limati ndi mlandu kufalitsa uthenga wolimbikitsa chiwawa kapena kuwononga katundu, woopseza munthu, kapena chithunzi cha maliseche a munthu iye asanalole. Chilango chikhoza kukhala chindapusa kapena ndende mpaka zaka zitatu. Kuika nkhope ya munthu pa gulu n'kulemba kuti "wakuba uyu" popanda umboni kungakutengereni ku khoti pa kuipitsa mbiri, komanso kungamuphetse munthuyo. Kwathu kulinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Mukagwiritsa ntchito nkhani kapena chithunzi cha wina, pa tsamba la bizinesi kapena pa ntchito ya kusukulu, tchulani mwini wake ndipo ikani linki. Linki iposa screenshot, chifukwa wolandirayo akhoza kukaona yekha deti ndi nkhani yonse. Nkhani ya maliro musaiike pa status achibale asanauzidwe.

15. Ndidziteteze bwanji kuti asandibere WhatsApp kapena mapepala anga?

Kuba kwake kumayenda motere: wina, nthawi zina pa nambala ya mnzanu yobedwa kale, amati "ndatumiza kodi kwa inu molakwitsa, ndibwezereni". Manambala 6 amenewo ndi kiyi wa akaunti yanu. Mukapereka, iye amalowa n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Manambala a WhatsApp amenewa ndi OTP ya ku banki (manambala achinsinsi ogwira ntchito kamodzi kokha) sizipatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku banki.

Lowani mu Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanu ndi imelo. Yang'ananinso Linked devices, muchotse chipangizo chimene simukuchidziwa. Ngati yabedwa kale, lembetsaninso nambala yanu pa WhatsApp. Mukalowetsa manambala 6 atsopano, wakubayo amatulutsidwa, ngakhale kuti akaika PIN yake mungadikire masiku 7. Foni ikangotaya netiweki popanda chifukwa pamene a pafupi nanu ili bwino, imbirani banki ndi kampani ya foni mwachangu, mwina wina wasinthitsa SIM yanu. Mukasindikiza mapepala ku internet cafe, tulukani mu imelo ndipo fufutani mafayilo anu pa kompyutapo.

16. Amene watumiza bodzalo ndi amalume, kapena abusa. Ndiwauze bwanji? Nanga ngati ndine ndemwe?

Munthu wamkulu sadzudzulidwa pagulu. Alembereni pambali, mwaulemu, ndipo muwapatse umboni m'manja: "Amalume, mwaswera bwanji? Uthenga uja wa mapemiti ndaufufuza pa webusaiti ya Home Affairs, palibe. Zikuoneka kuti ndi anthu ofuna kutibera. Linki yake ndi iyi. Mwina mungawadziwitse a pa gulu kuti asalipire." Mukatero mwawasiyira mpata wokonza okha. Koma ngati anthu ayamba kale kutumiza ndalama, kapena uthengawo ungavulaze wina, lembani pa gulu nthawi yomweyo, mukutsutsa uthengawo osatchula amene waubweretsa.

Ngati ndi inu, gwiritsani ntchito Delete for everyone, ndipo lembani pa gulu lililonse limene munatumizako kuti uthengawo sunali woona. Kufufuta kokha sikukwanira, chifukwa owerenga kale aja sadziwa kuti mwaubweza. Ma admin akhoza kufufuta uthenga wa membala aliyense, ndipo magulu a maliro ndi a mipingo amachita bwino akagwirizana kuti nkhani ya mapepala, ntchito kapena zopereka izilowa pokhapokha ili ndi linki ya kumene yachokera. Tsamba lachinyengo lineneni kwa Facebook podina Report, nkhani zabodza zofala mukhoza kuzitumiza ku webusaiti ya Real411, ndipo ngati mwaberedwa ndalama imbirani banki kaye, kenaka mukatsekule mlandu ku polisi mutanyamula screenshot zonse, nambala ya akaunti imene munalipirako ndi tsiku lake.